Chuku cha m'Nyumba Nambala Leveni

Zimene ndikulemba panozi si nkhani yomva kwa anthu pa bawo, zinandichitikira ine mwini, ndipo amene akuganiza kuti nkhalambayi ikungokometsera abwere kunyumba ndidzamutsegulire bokosi langa lachitsulo, adzaone yekha. Ine sinditaya pepala. Chitupa changa cha nthawi ya Chitaganya ndili nacho, makadi a kuchipatala a ana anga onse ndili nawo, ngakhale kalata imene anandiimitsira pa mgonero ku tchalitchi ndili nayo, yopindidwa panayi monga mmene anandipatsira. Mayina sinditchula, chifukwa eni ake ambiri anapita ndipo adzukulu awo timapatsana moni pamsika, koma zina zonse ndinena mmene zinalili.

Nthawi imeneyo Chipata ankatchedwa Fort Jameson, ine ndili kalaliki pa kampani ina yogula ndi kusankha fodya, ntchito yanga kutaipa makalata, kudinda sitampa ndi kusunga mafayelo. Ndinali nditakwatira mkazi wa cha ku Madzimoyo, tili ndi mwana mmodzi wamkazi woyamwa, tikukhala m'kachipinda kamodzi ku komboni ya kampani. Tsiku lina bwana wamkulu, mzungu, anandiitana n'kundiuza kuti popeza ndine wakhama akundipatsa nyumba nambala leveni. Abale anga, nyumba imeneyo inali ya njerwa zootcha, yamalata, zipinda ziwiri, mawindo agalasi, ndiponso siling'i. Munthu wakuda kugona pansi pa siling'i masiku amenewo, mukuiona ngati nkhani yamasewera? Anzanga a mu ofesi anayamba kundiseka kuti tsopano tiziti bwana, ena kufunsa ngati ndigulanso mphaka wa pampando. Ine ndinanyada, sindikana. Sindinafunse kuti nanga nyumba yabwino chotere yakhala bwanji yopanda munthu, sindinafunsenso chifukwa chimene inaimira yokha kumapeto, patsinde pa phiri, pamene madzi a m'phirimo amadutsa popita kudambo. Makoma anali oyera mbee, laimu wake akununkhirabe, ndiye munthu ukanafunsa chiyani?

Tinalowamo dzuwa likuswa mtengo, zonse zili bwinobwino. Mvula itangokhazikika, m'chipinda chogona munayamba kumveka fungo ngati la saka lonyowa limene laiwalika pakona. Kenaka pamwamba pa khoma, pamene siling'i imakumana ndi njerwa, panatuluka timadontho takuda. Chuku tonse timachidziwa, chija chimagwira chimanga m'nkhokwe yodontha, chobiriwira kapena chotuwa. Koma ichi chinali chakuda bii ngati mwaye, kukanyowa chimaterera pachala, kukauma chimasanduka fumbi. Mkazi wanga, munthu waukhondo amene sankalola ngakhale nyerere m'nyumba, ankakwera pampando n'kumachikwecha ndi burashi youma, fumbi lakuda lija n'kumagwera pabedi, mwana ali pomwepo akusewera ndi zala zake. Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Ndiye panali lamulo la kampani. Mwezi uliwonse kapitao wa komboni ankabweretsa ndowa ya laimu, ndipo ankatichenjeza kuti bwana akapeza khoma lakuda pa tsiku loyendera nyumba, nyumbayo alanda n'kupatsa wina wodziwa kusamala. Ife tinkangopaka basi. Khoma linkayera masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, kenaka chinthu chija chinkatulukanso pansi pa laimuyo, chokulirapo kuposa kale. Pofika pakati pa dzinja chinali chitatenga maonekedwe amene sindidzaiwala: chigamba chachikulu pa siling'i ngati chikhatho, ndi mizere isanu yotsika pakhoma ngati zala, zonse zitaloza pamene tinkagoneka mwana. Ine ndine munthu wa sukulu ya mishoni, sindinkaopa zithunzi za pakhoma, koma ndinasuntha bedi. Patapita milungu iwiri, kukhoma linalo kumene ndinakankhira bedi kuja kunatulukanso zala zina.

Mwana anayamba kutsokomola. Poyamba tinkati ndi chimfine cha mvula, ndiye tinachita zimene kholo lililonse la kuno likanachita: tinatseka mawindo, tinatsekera nsanza m'mipata ya chitseko kuti mphepo isamupeze, tinalowetsa mbaula m'nyumba n'kumayanika matewera ake momwemo. Mwaona kupusa kwake? Timati tikumuteteza, pamene tikumufungatira pamodzi ndi mdani wake. Ku kiliniki ankatipatsa mankhwala ofiira a m'botolo, n'kulemba pakadi kuti chifuwa. Makadi amenewo alipo anayi. Mkazi wanga naye mutu sunkamusiya, maso ankamuyabwa, koma ine amene ndinkaswera ku ofesi ndinali bwino ndithu.

Itafika nthawi yopalira, mkazi wanga anapita kwawo kukathandiza amayi ake, mwana ali kumbuyo. Anakhalako milungu iwiri, ndipo anabwera ndi mwana wonenepa, woseka, chifuwa chitatheratu. Patangopita masiku atatu m'nyumba muja, chifuwa chinabwerera, tsopano ndi kaphokoso ngati ka wezulo popuma. Anapitanso kumudzi ku maliro a azakhali ake, mwana anachiranso. Anabwerera, mwana anadwalanso. Inu amene mukuwerenga mwaona kale pamene panali vuto, koma anthu a kwa mkazi wanga anaona china.

Alamu anga, mchimwene wamkulu wa mkazi wanga, amene ndiye mwini mbumba, anabwera panjinga Loweruka lina masana. Anakana mpando, anakana madzi, anakhala pa njerwa panja n'kundiuza kuti akuluakulu akambirana ndipo matenda a mwanayu akudziwika, ndi mdulo. Kwa achinyamata amene simukudziwa, makolo athu ankati mwana akakhala wakhanda ndiye kuti ndi wozizira, ndipo bambo akayenda ndi mkazi wina kunja n'kubwera kudzanyamula mwanayo, amamudula, mwana amatsokomola, kutupa, ngakhale kutuluka magazi. Alamuwo anandifunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani mwana akatalikana ndi ine amachira, akandiyandikira amadwala. Anati akalaliki a m'tauni akuwadziwa, tayi pakhosi, maso kumsika. Anati ndisawaonetse Chizungu changa, ndingoulula kuti mwana alandire mankhwala oyenera.

Ndinapsa mtima kwambiri. Ine pamaso pa Mulungu sindinadziwepo mkazi wina chikwatirireni, ndipo ndinawauza alamuwo kuti akwere njinga yawo asanamve zimene sanabwerere. Iwo ponyamuka anauza mlongo wawo kuti amange katundu atsagane nawo. Apa ndi pamene pamandipweteka koposa. Mkazi wanga anakana. Anawauza achimwene ake mwaulemu, atagwada, kuti bambo a mwanayu amawadziwa ndi iye, ndipo akachoka lero ndiye kuti wavomereza pamaso pa komboni yonse kuti mwamuna wake ndi wachigololo, choncho sachoka, ngakhale kumudzi sapondakonso mpaka mawu amenewo atabwezedwa. Ine kumva zimenezo ndinakondwa, ndinadziona ngati mwamuna weniweni. Sindinadziwe kuti kukhulupirika kwa mkazi wanga ndi kunyada kwanga ndi zimene zatsekera mwana m'nyumba ija mwezi wina wathunthu wamvula.

Tsiku loopsa linali Lamlungu m'mawa, mvula itagwa masiku atatu osalekeza. Tinkakonzekera za ku tchalitchi, ine ndikupukuta nsapato pakhonde, ndipo ndinamva mkazi wanga akukuwa dzina la mwana. Nditalowa ndinapeza mwana ali m'manja mwa amayi ake, maso ali tong'o, milomo itada, pakhosi pakulowa m'kati akamakoka mpweya, koma mpweyawo osalowa. Sankalira, ndipo chimene chinandiopsa kwambiri n'chimenecho, mwana wofuna kulira koma mawu osatuluka. M'mphuno munatuluka kadontho ka magazi. Nditakweza maso ndinaona kuti siling'i yafufuma ngati mimba, madzi akuda akutsika m'zala zija n'kumadontha pansi, dontho limodzilimodzi. Ndinamulanda mwanayo n'kuthamangira naye panja wopanda nsapato, mvula ikundimenya, mkazi wanga akunditsatira akulira. Kodi munayamba mwathamangapo mutanyamula mwana wanu, khutu lili pachifuwa pake kumvetsera ngati akadali moyo? Tisanafike n'komwe kuchipatala, m'mphepo yozizira yomwe ija tinkamubisira, mwana anakoka mpweya wautali, n'kulira. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kumeneko.

Anamugoneka kuchipatala masiku anayi. Sisitere wina wachikulire amene ankamusamalira anandifunsa kuti tikukhala m'nyumba yotani, ndipo nditamufotokozera za khoma anandiuza kuti iye si womanga nyumba, koma akanakhala mwana wake sakanamubwezeramo.

Ndinabwerera kunyumba ndekha ndili ndi ukali, ndinatenga khasu lakutha n'kuyamba kupala laimu yense, kuti ndione chimene chili pansi pake. Laimuyo ankachoka m'magawomagawo ngati makungwa, ndipo pakati pa gawo lililonse panali pakuda, kusonyeza kuti anthu akhala akukwirira chinthuchi zaka ndi zaka. Nditafika pamwamba pa chitseko chakumaso, pamene panalembedwa leveni, khasu linagwetsa chibenthu chachikulu, ndipo pansi pake panaoneka nambala ina ya penti yakuda. Folo. Ndinaima chilili. Ine wosunga mafayelo ndinkadziwa kuti ku ofesi kuli fayelo ya nyumba nambala folo, ndipo ndinkaganiza kuti nyumba imeneyo inagwetsedwa kalekale, chifukwa m'komboni monse munalibe folo.

M'mawa mwake ndinaitulutsa fayeloyo. Munali kalata ya dokotala amene kampani inkamuitana kudzaona antchito ake achizungu. Nyumba ija anamangira mzungu wachinyamata woyang'anira shedi ya fodya, ndipo mkazi wake atadwala chifuwa chosatha, dokotalayo analemba kuti khoma likumwa madzi a m'phiri, siling'i yaola ndi chuku, ndipo munthu asagonemo kufikira atakumba ngalande kuseri, kuchotsa siling'i yonse ndi kukonza denga. M'mphepete mwa kalatayo bwana wamkulu analembamo ndi pensulo, dzanja lake lomwe ndinkaliona tsiku ndi tsiku, kuti kukonza n'kodula, ipakidwe laimu, isinthidwe nambala, ipatsidwe kwa wantchito wachikuda. Pansi pake panali mapepala ena awiri onena za amene anapatsidwa nyumbayo ife tisanalowemo. Dalaivala wina anakhalamo dzinja limodzi n'kupempha kuti abwerere ku kachipinda kake kakale, chifukwa chake osalemba. Nditafunsa kwa akuluakulu a ku shedi anandiuza monong'ona kuti dalaivalayo anaika mwana m'manda chaka chimenecho, ndipo ukwati wake unathera pomwepo, akuchikazi atamunena kuti anadula mwana. Anthu ankadziwa, koma aliyense ankaopa ntchito yake. Ndiye munditi ndisakwiye?

Kalata imeneyo ndinaba. Inde, ndikuvomera, ndinaipinda n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo m'moyo wanga wonse chimene ndinabapo n'chokhachi. Ndisanatero ndinapita nayo kwa bwanayo. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati anthu akuda timaphikira m'nyumba ndiye tikudabwa chiyani makoma akada, anati nyumba ina palibe, kachipinda kathu kakale anapatsa kale wina, ndipo anandifunsa kuti ndani wandiloleza kuwerenga fayelo imene sanandituma. Anandiuza kuti ndibwezere pamalo pake ndikapitirize kutaipa ngati ntchito ndikuifunabe. Masiku amenewo nyumba m'tauni inkayendera ntchito, munthu sunkangonyamuka n'kukapeza pena pogona ndi banja. Kwathu kunali kutali, makolo anga anali atamwalira. Malo okhawo ouma amene mwana akanapita potuluka m'chipatala anali kumudzi kwa amayi ake.

Ndinapalasa njinga mpaka kumeneko, kalata ili m'thumba, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti pepala lithetsa mlandu. Ndinawawerengera alamu anga, apongozi anga aakazi ndi akuluakulu ena awiri, mzere ndi mzere, ndikumasulira m'Chinyanja. Atamva, alamu aja anaseka. Anati kalaliki ndi amene amataipa makalata, ndiye chingandiletse n'chiyani kutaipa kalata yodziyeretsa ndekha? Anati chuku chili m'nkhokwe iliyonse ndipo sichinaphepo mwana wa munthu. Apongozi anga sanaseke, ankalira, koma ananena mawu amene anandimaliza. Anati mdzukulu wawo amamufuna, koma sangamulandire kuti adzafere m'manja mwawo chifukwa cha bambo wouma mutu, pakuti mankhwala a mdulo sagwira ntchito wolakwa asanaulule. Ndikaulula, mwana ndi mayi ake abwere lero lomwe. Ndikakana, ndikhale nawo m'tauni momwemo, ndipo chimene chichitike chidzakhale pamutu panga.

Ndinayang'ana nkhuku zikutola pafupi ndi mapazi anga. Kuchipatala anali atandiuza kuti mawa mwana atuluka. Ndinaganiza za dzina langa, ine mwana wa mishoni, woimba kwaya, ndinaganizanso za milomo yakuda ija. Kenaka ndinapinda kalata yanga, ndinaibweza m'thumba, n'kuwauza kuti n'zoona, ndinachimwa. Anandifunsa kuti ndi mkazi wa ndani. Apo ndinaona kuti bodza langa likhoza kupsetsa munthu wosalakwa, ndiye ndinapeka mkazi wapaulendo, wodikira basi ya ku Lilongwe, amene dzina lake sindinafunse. Alamu anga anagwedeza mutu ngati munthu amene wapambana mlandu pabwalo, n'kunena kuti ankadziwa.

Tsiku lotsatira ndinabwera nawo mayi ndi mwana. Ananditsogolera kuseri kwa nyumba, anandipatsa chikho cha mankhwala a mizu, ndinathiramo mchere ndi dzanja langa monga anandiuzira, n'kumumwetsa mwana wanga pamaso pa onse. Mkazi wanga anaima poteropo akundiyang'ana. Panjira ndinali nditamuuza zonse, ndipo iye anandipempha kuti ndisachite, koma nditamufunsa kuti nanga mwanayu tikamugoneka kuti usiku wa lero, anangokonza mwana kumbuyo n'kupitiriza ulendo. Mwana anachira, monga ankachirira nthawi zonse akagona m'nyumba yaudzu youma yolowa mphepo, ndipo mudzi wonse unatamanda mankhwala aja.

Nkhani inafika ku tchalitchi sabata isanathe, ndipo anandiimitsa pa mgonero. Ndikanawauza akulu a mpingo kuti ndinanama, mawuwo akanabwerera kumudzi, ndiye ndinangolandira kalata yawo. Ntchito ndinaisiya mvula itatha, ndinakalowa kwina kwa malipiro ochepa. Ndisanachoke ndinamuchenjeza kalaliki amene anapatsidwa nyumba ija pambuyo panga, koma iye anauza anthu kuti ndikuchita nsanje chifukwa siling'i yandipulumuka. Kapitao anabwera ndi ndowa yake ya laimu, khoma linayeranso mbee. Ndinamva kuti kalalikiyo sanathemo dzinja. Nyumbayo inadzagwa yokha patapita zaka, khoma lakuseri litafewa ngati phala.

Mwana uja ali moyo, ndi gogo tsopano, ngakhale kuti nyengo ya mvula chifuwa chake chimaimbabe wezulo. Alamu anga anamwalira akukhulupirira kuti anapulumutsa mwana wa mlongo wawo kwa mlamu wachiwerewere, ndipo kumudzi kuja mpaka lero okalamba akafuna kulangiza mkamwini amatchula za kalaliki wa ku fodya. Mkazi wanga yekha ndiye ankadziwa, ndipo zaka zonse zimene tinakhala limodzi, wina akayamba nkhani imeneyo iye ankangodzuka n'kukandithirira madzi osamba, anthu n'kumati ndi mkazi wokhululuka. Iyenso anatsogola, moti mboni imene yanditsalira ndi pepala lija la pensulo m'mphepete.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti mwana wanga anadulidwadi, koma amene anamudula si ine. Anamudula ndi munthu amene anawerenga kalata ya dokotala, n'kuona kuti chifuwa cha mkazi wachizungu n'chofunika ngalande, koma cha mwana wanga n'chokwana ndowa ya laimu. Za miyambo ya makolo sinditsutsana ndi munthu, aliyense ali ndi pamene anaimirira, koma ndimakwiya ndikaganiza kuti ndi abambo ndi amayi angati amene anasenzetsedwa tchimo la khoma.

Tsono inu amene mukulowa m'nyumba zakale za m'tauni muno, makamaka zija za patsinde pa phiri ndi za m'mbali mwa dambo, mwini nyumba akakuonetsani khoma loyera kumene, musayambe mwathokoza. Nunkhizani m'makona, yang'anani kuseri kumene madzi amadutsa, palani pang'ono ndi chikhadabo muone chimene chili pansi. Mukaona chakuda chija musachikweche chouma mwana ali pafupi, musachikwirire ndi penti, musatseke mawindo. Pezani pamene madzi akulowera, ndipo zikakanika tulukani, ngakhale nyumbayo ikhale yokongola bwanji. Ndipo mwana akamachira kwa agogo ake n'kumadwala kwanu, musanaitane akuluakulu kudzafunsa bambo ake kumene anayenda, yambani mwafunsa khoma. Ine ndinafunsa mochedwa, ndipo yankho lake ndinalipira ndi dzina langa.